Tsiku Limene Tinakhala Pansi pa Misuku

Phiri lathu si lalitali kwenikweni. Munthu wa miyendo yabwino akanyamuka pamsika wa Katete dzuwa likungotuluka, amakafika pamwamba ana asanalowe m'kalasi. Ine masiku ano ndimapuma katatu, ndipo kachitatuko ndimanamizira kuti ndikuona malo. Pamwamba pake pali thanthwe lalikulu losalala. Ukaima pamenepo umaona msewu waukulu wa ku Chipata, maminibasi akuyenda ngati nyerere, ndi minda ya thonje mpaka kumene maso alekezera.

Chibwerere kuno kuchokera kwathu ku Vubwi kudzayamba uphunzitsi, sindinamvepo munthu akupempha chilolezo kuti akwere phirilo. Ndi la aliyense. Ana a sukulu amakwera akatsekera, a mapemphero amakwera kukafuula mpaka anyani kuthawa, akwati amakajambulitsa pathanthwe paja diresi likuuluka. Mafoni atangofika kumene, tauni yonse inkakwera kukasaka netiweki, munthu ataimika dzanja m'mwamba ngati akulumbira. Palinso anyamata ndi atsikana aja amene amati akukatola masuku mwezi wa Juni, masuku asanakhwime n'komwe. Amenewo tisawatchule, ena ndinawaphunzitsa ndekha.

Ine ndili ndi chifukwa changachanga chokwerera. Mwana wanga woyamba agona kumeneko.

Chinali chaka chachiwiri cha ukwati wathu, tikukhala m'nyumba za aphunzitsi m'munsi mwa phirilo. Ndinali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Matenda anandiyamba m'mawa mvula ikugwa, amuna anga atapita kale kukalasi, ndipo pamene munthu ankathamanga kukafuna galimoto yopita kuchipatala, zonse zinali zitatha. Mwanayo sanalire.

Kwathu mwana wotere timati mtayo, ndipo maliro ake si maliro. Salira, saimba nyimbo, sakhoma bokosi, abusa sauzidwa. Amuna sayandikira n'komwe. Amayi akuluakulu amamukulunga m'kansalu n'kupita naye kutchire mwakachetechete, n'kukumba kadzenje kosazama, poti amati ukazamitsa wakwirira mimba ya mayi wake, sadzaberekanso. Mayi mwiniwake sapita nawo. Ine sanandionetse ngakhale nkhope, ndipo sindinafunse kanthu. Kumudzi malo otere amakhala pambali pa manda, koma ife a pa boma tinali anthu obwera kuchokera kosiyanasiyana, manda athu ali kutali kutsidya kwa mtsinje. Choncho amayi a kuno anasankha kalekale mbali ya phiri yoyang'ana kum'mawa, chakumtunda ndithu, kumene kuli misuku yambiri ndi dothi lofewa.

Amuna anga atabwera, amayi aja anawachingamira pakhomo n'kungowauza kuti zalephereka, koma mayi ali bwino. Iwo anaima nthawi yaitali pakhonde, kenako anapita kugolosale kukandigulira buledi ndi shuga. Sanafunse kuti mwanayo wapita kuti. Musati ndi ouma mtima ayi. Ndi mmene analeredwera kwawo ku Sinda, kuti zimenezo ndi za azimayi, mwamuna wabwino satsegula pakamwa.

Mmodzi wa amayi amene ananyamula mwanayo anali woyandikana nafe nyumba. Amuna awo atamwalira anayamba kugulitsa pamsika, ndipo mpaka lero tauni yonse imangowatchula kuti amayi a tomato. Pakamwa pawo m'poopsa. Ukatsutsa mtengo wa mulu umodzi amakuuza mbiri ya banja lako lonse, anthu akumva. Koma Disembala wa chaka chimenecho anabwera kunyumba ndi dengu nati, “Amadamu, tiyeni tikatole masuku, mwakhalitsa m'nyumba.” Tinakwera. Titafika pamsuku wina wa mphanda, pafupi ndi mwala woyera, iwo anatula dengu nati, “Tipumeko apa.” Sanaloze ndi chala, sananene kanthu kena. Anangofinya suku lakupsa n'kundipatsa. Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa kufika pamutu, ndipo ndinadziwa.

Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse masuku akapsa ndinkanyamula dengu n'kukakhala pang'ono pamsuku uja. Mulungu anatipatsa ana ena anayi, anakula, anabalalika. Amuna anga anakhala ahedi, anapuma pantchito, koma dzina la uhedi linawakakamira. Zaka zoposa makumi atatu, iwo ankangodziwa kuti mkazi wawo amakonda masuku.

Ndiye kunabwera nkhani ya loji.

Tinayamba kuimva pamsika, monga nkhani zonse. Akuti kampani ina ya ku Lusaka ikufuna kumanga loji yogonamo alendo pamwamba pa phiri, kuzunguliza mpanda wa waya, kuika geti ndi mlonda. Ofuna kukwera azilipira. Ine poyamba ndinaseka, ndinati ndani angakwere ndi sutikesi kumeneko? Koma posapita nthawi anthu a m'dera lathu anaitanidwa kumsonkhano m'holo ya pasukulu.

Holo inadzaza. Amuna anakhala pamabenchi kumanja, ife amayi kumanzere, ena pansi pamphasa. Kutsogolo kunali bwana wina wa ku maofesi a pa boma, munthu wofatsa wa imvi pang'ono, ndi mnyamata wa kampaniyo, wa nsapato zosongoka, wolankhula Chinyanja cha ku Lusaka. Ndisamunamizire, anali waulemu. Anapachika chipepala chachikulu chojambulidwa tinyumba ta udzu tokongola, dziwe losambiramo pathanthwe paja, ndi malo oimikapo magalimoto.

Anthu anakana ndithu. A mapemphero anati nanga ife tizikapemphera kuti? Mnyamatayo anati adzawasiyira kona yawo. Wina anati madzi a mvula adzakokolola nyumba za m'munsi mukadula mitengo, iye anati adzakumba ngalande. Wa mbuzi ananena za mbuzi zake, ndipo ngakhale iyeyo anapezeredwa yankho. Funso lililonse, yankho linali kale m'thumba. Atatchula za ntchito, achinyamata kumbuyo anaomba m'manja, ndipo ine sindinawadzudzule mumtima. Ambiri a iwo ndinawaphunzitsa, ali ndi masatifiketi m'masutikesi, koma amangokhala pamphepete pa msewu kuwerenga mathiraki. Nkhalamba ina inangoti, “Ana inu, walira mvula walira matope.” Anyamatawo anaseka.

Kumapeto bwana wa ku maofesi uja anavala magalasi n'kuyang'ana papepala lake.

“Funso lomaliza,” anatero. “Kodi paphiripo pali manda, kachisi, kapena malo ena amene mwambo suloleza kukumba? Ngati alipo munene, chifukwa zikatero ntchito siingayambe tisanakaone.”

Amuna anayang'anana. Kenako ndinaona amuna anga akuimirira, akukonza jekete. Iwo ndiwo anali wapampando wa komiti yokana lojiyo, ndipo pa zinthu zimene amakonda padziko lapansi, msonkhano uli pafupi ndi tiyi.

“Bwana,” anatero, “ine lojiyi sindikuifuna, ndanena kale. Koma ndine mkulu wa mpingo, sindinganame kuti tipambane. Ndakhala kuno zaka zoposa makumi atatu, ndipo maliro a m'dera lino ndaperekeza onse. Manda athu ali kutsidya kwa mtsinje. Kuphiriko sitinaikeko munthu.”

Amuna onse anagwedeza mitu. Wina anati, “Ahedi anena zoona.” Bwanayo analemba.

Mbali yathu kunali zii. Palibe anatsokomola. Ine ndinkangoyang'ana zala za kumapazi kwanga. Ndinkadziwa kuti ndiyenera kuimirira, ine amene ndaima patsogolo pa makalasi moyo wanga wonse, ine amene sindiopa kudzudzula ndi insipekitala yemwe. Koma miyendo inakana. Munthu ungayambe bwanji nkhani yotere pamaso pa amuna, pamaso pa anyamata amene unawaphunzitsa kuwerenga? Palibe lamulo lolembedwa loletsa, koma pakamwa sipatseguka basi. Komanso tisabise, panali manyazi. Ife ndife amayi a yunifolomu ya Lachinayi, otsogolera nyimbo m'tchalitchi. Kuvomera kuti ana athu tinawaika mwa makolo, opanda pemphero la abusa, chinali chinthu chimene aliyense ankachidziwa koma palibe ankafuna kuchimva chikunenedwa.

Tsiku limenelo ndiwo ndinathira mchere kawiri. Amuna anga analawa n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

“Amayi, kodi mchere watsika mtengo?”

“Idyani, inu odziwa zonse.”

“Nanga ndalakwanji? Munafuna ndiname?”

“Ndati idyani.”

Anadya, osauka, akumwera madzi. Ndinawakwiyira sabata yathunthu pa mlandu umene sanaudziwe, ndipo chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti sanalakwe. Ananena zimene ankadziwa. Wolakwa anali ine wokhala chete, koma kudzikwiyira wekha n'kotopetsa, ndiye ndinkakwiyira iwo.

Komiti yawo inagwira ntchito, ndisawachepetse. Tebulo lathu lodyera linasanduka ofesi. Analemba makalata onena za kukokoloka kwa nthaka, za akasupe a m'munsi, za ana a sukulu, Chingelezi chake chothyakuka moti ine ndemwe ndinkatsegula dikishonale. Makalata ankapita, mayankho aulemu ankabwera, akuti madandaulo anu tawalandira. Kwinaku anthu a kampani anayamba kukwera ndi zipangizo zawo zopimira.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, kukutentha koopsa, ndinalephera kupirira. Ndinakwera ndekha, wopanda dengu, poti masuku anali asanapse. Ndinapeza zikhomo zamatabwa zomangidwa tinsalu tofiira, zitandandalikidwa kuchokera pathanthwe kutsikira mbali ya kum'mawa. Chimodzi chinali mapazi atatu kuchokera pamsuku wa mphanda. Munthu wina waganyu ankalambula udzu chapafupi, ndipo ndinamufunsa kuti apa padzakhala chiyani.

“Apa ndi poimika magalimoto, amayi. Mitengo yonseyi ichoka, thirakitala idzasalaza.”

Ndinati zikomo. Ndinakhala pamwala woyera uja. Kadzenje kaja n'kosazama, ndinkadziwa. Mwina patapita zaka zonsezi mulibenso kanthu, fumbi lokha. Koma fumbilo ndi langa, ndipo tsopano chitsulo cha thirakitala chinkabwera kudzalikankhira kuphompho pamodzi ndi zitsa.

Potsika sindinapite kunyumba, ndinalunjika kumsika. Amayi a tomato anali pamalo awo, akuwaza madzi pamilu yawo. Anandiyang'ana kumapazi, anaona fumbi lofiira, n'kusuntha pabenchi kuti ndikhale.

“Mwaziona zikhomo?” anafunsa.

“Ndaziona.”

“Ine ndinaziona Lolemba. Anga awiri ali mkati mwenimweni.”

Ndinadzidzimuka. Zaka zonsezi sindinadziwe kuti nawonso ali ndi awo kumeneko.

“Ha, amadamu, mumayesa ndinu nokha?” Anayamba kuloza ndi chibwano, manja ali pa tomato. Mayi wogulitsa tinsomba ta kapenta uyo. Uyo wa zovala za salaula. Mkazi wa telala. Mpongozi wa uje. “Ena ndinanyamula ndine ndi manja awa. Phiri lija ladzaza, koma amuna athu amangoona masuku.”

“Ndiye tichite chiyani? Tsiku lija tonse tinangoti kukamwa pululu.”

“Inu ndi amene munayenera kulankhula. Sukulu yonse ija munaphunzirira chiyani, kusainira malipoti?”

“Nanga inu, pakamwa ponsepo, munali kuti?”

Tinayang'anana, kenako tinaseka, kuseka kwa anthu ogwidwa onse awiri. Munthu anabwera kudzagula, iwo anamugulitsa, anamuikira basera, n'kubwerera kwa ine.

“Ndamva kuti Lachiwiri likudzali a ku maofesi akwera ndi a kampani ndi komiti ya amuna anu, kukayendera malire,” anatero. “Kulankhula kwatikanika, chabwino. Koma matako tili nawo. Aliyense akakhale pa wake.”

Uthenga unayenda mmene mauthenga a azimayi amayendera, kuchigayo, pamjigo, potuluka m'mapemphero a Lachinayi. Palibe analemba kalata. Si onse anavomera. Mayi wina anati kuulula malo otere kudzetsa minyama kwa ana athu aakazi, iye sangayese. Wina anati mwana wake walonjezedwa ntchito ya ulonda palojipo, ndipo wamoyo ndiye amadya. Sitinamukakamize, ndipo mpaka lero timapatsana moni bwinobwino. Ena sanayankhe kanthu, moti sindinkadziwa ngati tidzakhala atatu kapena khumi. Amuna anga anandiona ndikuchapa chitenje chakuda Lolemba, nafunsa ngati kwagwa maliro. Ndinati iyayi, changoda.

Lachiwiri m'mawa, iwo akusita malaya, ine ndinati ndikupita kumsika. Panjira yokwera phiri ndinapeza amayi patsogolo panga, ena pambuyo, aliyense akuyenda yekha ngati sakudziwa anzake. Titafika pamisuku ndinaona kuti tachuluka kuposa mmene ndinkaganizira. Panali agogo oyenda ndi ndodo, panali a msinkhu wanga, panalinso atsikana awiri atatu amene ndinawaphunzitsa si kale kwambiri. Amenewo ndi amene anandiswa mtima, chifukwa ndinkayesa kuti zimenezi zinathera pa ife.

Ambiri sankadziwa malo enieni, poti mayi sapita nawo. Amayi a tomato ndi agogo ena awiri anayamba kuyenda pakati pa mitengo n'kumatikhazika. “Iwe apa. Inu, mayi, chakuno pang'ono, kuseri kwa chitsa icho. Iwe mwana, bwera, wako ali pafupi ndi wa amayi ako.” Ankakumbukira zonse, ngati mmene amadziwira benchi ya aliyense pamsika. Mayi wina atamuonetsa pake anagwira dothi ndi chikhatho n'kungokhala choncho. Tinatambalala miyendo, tinafunda zitenje kumutu monga pamaliro. Sitinaimbe, sitinalire. Kunkangomveka nyenje.

Patapita nthawi tinamva mawu a amuna akukwera. Patsogolo panali amuna anga, faelo kukhwapa, akulongosolera bwana wa ku maofesi za ngalande. Atatulukira pamisuku anasiyira mawu pakati. Onse anaima.

“Manje amayi, ni chani ichi?” anafunsa mnyamata wa kampani uja, akuyesa kuseka. “Ni sitiraka?”

Bwana wa ku maofesi anatipatsa moni mwaulemu, tinayankha moniwo. Kenako anati, “Amayi, tithandizeni. Mwakhaliranji chonchi, wina apa wina apo?”

Amayi a tomato anali pamtengo wachitatu kuchokera pa ine. Anandiyang'ana ndi diso lija amayang'anira munthu wofinya tomato osagula. Ndinadziwa kuti ulendo uno palibe kothawira. Sindinaimirire. Ndinalankhula ndili pansi pomwepo, maso ali pa nsapato za bwanayo, chifukwa kumene kunali amuna anga sindikanatha kuyang'anako.

“Bwana, tsiku lija munafunsa ngati kuno kuli manda. Amuna athu anayankha zimene akudziwa, sananame. Iwo sabwera kuno. Koma paliponse pamene mwaona mayi atakhala, pansi pake pali mwana. Ndi ana amene anabadwa osalira. Timawaika tokha azimayi, ndipo sitinena. Tinalakwa kukhala chete m'holo muja. Lero tanena.”

Mawu anga anatuluka onse.

Bwanayo anavula chipewa. Anayamba kutiwerenga ndi maso, kenako ndinaona kuti waleka. Amuna a m'komiti ankayang'ana uku ndi uku, ndipo mmodzimmodzi ankapeza mkazi wake, kapena mlongo wake, kapena mayi ake omubereka, atakhala pansi pa mtengo. Telala anangogwira pakamwa. Mnyamata wa kampani anayang'ana pamene anaponda, n'kubwerera chambuyo pang'onopang'ono mpaka panjira.

“Pepani amayi,” anatero, Chinyanja cha ku Lusaka chitathawa. “Sitinadziwe. Ine amayi anga ndi a konkuno kum'mawa, koma sanandiuzepo zimenezi.”

“Sakanakuuza,” anayankha amayi a tomato. “Ndiwe mwamuna. Chotsa zikhomo zakozo.”

Bwana wa ku maofesi analemba nthawi yaitali, atatsamiza pepala pabondo. Anafunsa agogo aja mafunso ochepa, motsitsa mawu, za pamene malowo ayambira ndi pamene athera. Kenako anati mbali imeneyi pasakhudzidwe kanthu mpaka nkhaniyi ikambidwenso. Sabata yotsatira zikhomo zinazulidwa. Popanda mbali ya kum'mawa panalibe podutsa msewu wa magalimoto, poti kwinako n'kotsetsereka kwambiri, ndiye mapulani onse anabwerera ku Lusaka. Sindinganene kuti nkhani ya loji inatha. Ena akuti adzamanga m'munsi pafupi ndi msewu waukulu, ndipo ngati ndi choncho ine ndidzapita kukamwako tiyi, anyamata athu apeze ntchito. Ena akuti adzabweranso ndi mapulani ena. Komiti ikulembabe makalata patebulo langa. Koma mpaka lero phirilo lilibe mpanda. Pali amayi ena amene sanatikhululukire chifukwa choulula, ndipo mwina ali ndi mfundo, chifukwa malo aja tsopano ana amawalozerana.

Tsiku limenelo, alendo atatsika, amayi nawo anayamba kunyamuka mmodzimmodzi, akukutumula zitenje. Ine ndinatsala. Nditakweza maso ndinaona amuna anga ataima panjira pomwe anaimira poyamba, faelo ikadali kukhwapa. Sanasunthe chiyambire.

“Amayi,” anaitana, “ndingafike?”

Ndinayang'ana amayi a tomato, amene ankamanga mpango wawo.

“Mwambo tauswa kale, ahedi,” anatero. “Bwerani. Koma muziona popondapo.”

Anabwera akunyang'ama, munthu wamkulu wa jekete. Atafika anaika faelo pamwala woyera n'kukhala pansi padothi pafupi nane, ndi buluku lawo lositidwa lija.

“Ndi pano?”

“Ndi pano.”

“Zaka zonsezi munkati mukukatola masuku.”

“Ndinkatoladi. Simunkadya inu?”

Sanaseke. Anayang'ana dothi, masamba ouma, nyerere zikudutsa.

“Ndinaima pamaso pa anthu n'kunena kuti kuno sitinaikeko munthu,” anatero.

“Simunadziwe.”

“Sindinafunse.” Anatembenukira kwa ine. “Amayi, anali mwana wanji?”

Ndinati sindikudziwa, sanandionetse, nanenso sindinafunse. Anandiyang'ana modabwa, chifukwa zaka zonsezi ankayesa kuti ine ndikudziwa koma ndikusunga. Tonse awiri tinatembenukira kwa amayi a tomato. Iwo anali atanyamuka kale, koma anaima, atatifulatira.

“Mtsikana,” anatero. “Wathunthu bwinobwino, zala zonse. Tsitsi lambiri, lakuda bii. Ndinamukulunga m'chitenje changa chatsopano.”

Atatero anapita kukaima pamsuku wina patali, n'kumayang'ana kumsewu.

Ana athu anayi aja onse ndi amuna. Amuna anga anavula magalasi n'kuwaika paudzu, mapewa anayamba kugwedezeka. Mtayo salira, ndipo mkulu wa mpingo wa zaka zawo salira pagulu, koma analira, mokweza ndithu, ngati zachitika m'mawa womwewo. Ine ndinali nditasunga misozi imeneyo kuyambira ndili mtsikana, ndipo nditaona iwo ayamba sindinathenso kuigwira. Amayi a tomato sanatiletse. Anadikira mpaka titatha, kenako anati tomato wawo akupsa ndi dzuwa kumsika, tiyeni tizitsika.

Kunyumba sitinakambenso za nkhaniyo. Iwo anabwerera kumakalata awo, ine kumunda wanga wa nsawawa. Patapita milungu ingapo kunabwera abusa atsopano pampingo pathu, ndipo ankayendera akulu a mpingo nyumba ndi nyumba kuti adziwane nawo. Atafika kwathu anakhala pakhonde ndi amuna anga, ine ndili m'khitchini kuteleka tiyi, zenera lili lotsegula. Anafunsana za kwawo, za mvula, za denga la tchalitchi. Kenako abusawo anafunsa funso limene mlendo aliyense amafunsa, kuti nanga Mulungu anakudalitsani ndi ana angati?

“Asanu,” anayankha amuna anga. “Woyamba anali mtsikana.”